Khansa siopa njala

Pa msika wa Ndirande, mbali imene amakhoma zidebe ndi mbaula, munthu salankhula motsitsa mawu. Nyundo zimayamba m'mamawa, ndipo amene ali ndi nkhani amaikweza kuti ipose phokoso la malata. N'chifukwa chake nkhani ya mayi wina, imene inayenera kukhala ya anthu awiri okha, tinaimva tonse amene tinali pa benchi kudikira katundu wathu.

Mayiyo anabwera ndi poto wothothoka chogwirira. Kudzanja linalo ananyamula jumbo, m'kati muli kontena ya nsima imene anapita nayo kuchipatala n'kubwerera nayo yosatsegula. Atapereka potoyo kwa mmisiri, anatulutsa foni n'kupatsira mnyamata wa kabaza amene anaimika njinga yake pamthunzi.

"Achimwene, tandimasulirani bwinobwino uthengawu, Chizungu chake chandikulira. Atumiza ndi alongo anga a ku Joni."

Mnyamatayo anawerenga chamumtima, milomo ikugwedera, kenako n'kuyamba: "Akuti mkulu wina wa ku Japan anapata mphoto ya Nobel atatulukira kuti munthu akasala kudya masiku atatu, thupi limayamba kudya maselo ake oipa, ndi khansa yomwe. Akuti zimenezi amazitcha autophagy. Akutinso madokotala amabisa dala, poti njala sangaigulitse."

"Ndi zomwezo anawawerengera achemwali anga kuwodi," anatero mayiyo. "Lero ndi tsiku lachiwiri akungomwa madzi. Ali ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo Lachinayi akuyenera kulandira dilipi yachitatu. Anthu atha kale thupi, chitenje chikuwazungulira kawiri. Koma akuti njalayo ndiye mankhwala."

Pa benchipo panali mkulu wina waimvi amene aliyense pamsikapo amamutcha adokotala, poti anagwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono za boma mpaka kupuma. Panalinso mtsikana atapindira chovala choyera pamkono, wophunzira udokotala ku koleji ya mumsewu wa Mahatma Gandhi, amene mayi ake anamutuma kudzatenga ndowa.

"Bodza lamkunkhuniza!" anatero adokotala, osakweza n'komwe mutu.

"Agogo, pepani," anatero mtsikanayo. "Likanakhala bodza lokhalokha sizikanavuta. Munthuyo alipodi, ndipo mphotoyo analandiradi."

Anatiuza kuti dzina lake ndi Yoshinori Ohsumi, ndipo mphotoyo anapatsidwa mu 2016. Koma ntchito imene anamulemekezerayo sinali yochiza odwala khansa. Iye ankafufuza yisiti, yemweyu timatupitsira mandasi. Ali ku yunivesite ya Tokyo anatenga maselo a yisiti amene anali opanda mphamvu yogaya zinthu m'kati mwawo, n'kuwamana chakudya, n'kumawayang'ana pa maikulosikopu. Patangopita maola ochepa, m'maselomo munadzaza timatumba titanyamula zidutswa za selo lomwelo. Analengeza zimenezi mu 1992, ndipo chaka chotsatira anapeza ma gene 15 amene amayendetsa ntchitoyi. Pambuyo pake zinadziwika kuti maselo athu nawonso amachita chimodzimodzi.

Kenako mtsikanayo anatembenukira kwa mmisiri, amene anali atasiya nyundo kuti amve nawo.

"Bambo, lata latsopano likasowa, kapena likakwera mtengo, mumatseka shopu?"

"Nditseke bwanji, ana adya chiyani? Ndimadula zidebe zakale ndi zitseko za mafiriji akufa. Chadzimbiri ndimataya, chabwino ndimawongola, mbaula n'kutuluka."

"Selo limatero kumene. Chakudya chikasowa, limakulunga ziwiya zake zakutha m'kathumba, n'kupita nazo ku kathumba kena ka asidi kotchedwa lysosome, kamene Christian de Duve wa ku Belgium anakatulukira mu 1955. M'menemo zimaphwasulidwa, ndipo zidutswazo selo limapangira zatsopano kapena kuziotcha kuti lipeze mphamvu. Imeneyi ndiyo autophagy ija, njira yopulumukira pa njala. Ku Japan komweko, mu 2004, anapeza kuti mbewa zimene anazitsekera njirayi zinkabadwa zooneka bwinobwino koma n'kufa tsiku loyamba lomwelo. Kuchoka pa mchombo kufika poti mkaka wayamba kugwira thupi, kakhanda kamadalira zimene maselo ake aphwasula."

Mbali yabwino sanaibise. Selo likamayeretsa m'kati mwake, zoola zimene zikanawononga malangizo ake achibadwa siziunjikana. Mu 1999 Beth Levine, ali ku New York, anasonyeza kuti gene yotchedwa Beclin 1, imene imayambitsa autophagy, imathandizanso kuletsa zotupa. Mu 2003 mbewa zimene zinatsala ndi theka lokha la gene imeneyi zinayamba kutuluka zotupa m'chiwindi, m'mapapo ndi m'maanabele kuposa zinzake.

"Ndiye basi!" anatero wa kabaza akumenya chishalo. "Abigi a ku Joni akunena zoona."

"Zoona zake zimathera pamene chotupa chisanabadwe, achimwene. Chikangobadwa, luso lomwelo chimalilanda."

Apa ndi pamene uthenga wa pa foni uja umadumpha, ndipo ndi pamene pagona moyo wa munthu. Chotupa chimakula mothamanga kuposa mitsempha ya magazi yochidyetsa. Maselo a pakatikati pake amakhala kutali ndi magazi, mpweya wa okosijeni ndi wochepa, shuga safika. Selo wamba pamalo otero likanafa. Koma mu 2006 gulu la Eileen White, ku yunivesite ya Rutgers ku America, linaona kuti autophagy imakolera kwambiri m'malo ouma omwewo, ndipo ndi imene imasunga maselo a khansa amoyo. Mu 2011 zinaonekanso kuti khansa ya kapamba, chiwalo chija chimapanga insulini, imakhala njirayi ili yotsegula usana ndi usiku, ngakhale chakudya chilipo chambiri. Ndipo mankhwala a dilipi kapena cheza chowotchera chotupa zikavulaza selo la khansa, nthawi zambiri limathamangira komweko, kuphwasula zovulala, kudikira kuti mankhwala athe mphamvu, n'kudzukanso.

"Ndiye kuti khansayo ndi mmisiri kuposa ine," anatero wokhoma zidebe. Palibe anaseka.

Mayi uja anali chete nthawi yonseyi, jumbo ili pamiyendo. Atalankhula anafunsa funso limene ndikhulupirira kuti linkamusowetsa tulo.

"Mwanawe, adokotala a kuwodi anati akuopa kuti ingafalikire. Ndinachita manyazi kufunsa. Chinthu chopanda miyendo chimayenda bwanji m'thupi?"

Mtsikanayo anayankha pang'onopang'ono, ndipo ine ndinaona kuti apa ndi pamene anaika mtima wake wonse. Selo lililonse la m'chiwalo, anatero, limagwira pamalo pake ndi timfundo ting'onoting'ono ta mapuloteni. Kuti lisunthe liyenera kugwira kutsogolo n'kumasula kumbuyo. Likalephera kumasula, limangokhala pomwepo. Mu 2016 gulu la Kay Macleod ku Chicago linapeza kuti maselo a khansa ya m'mawere amamasula timfundoti ndi autophagy: amatola puloteni ina ya pamfundopo, yotchedwa paxillin, n'kukaiphwasula. Atatseka njirayi pa mbewa, chotupa choyambirira chinakulabe monga kale, koma maselo ake anakanirira pamalo amodzi, ndipo ofika kumapapo ndi kuchiwindi anachepa kwambiri.

Kumasuka kokha sikokwanira. Thupi lili ndi lamulo lakuti selo la m'chiwalo likathothoka pamalo pake lidziphe, ndipo lamulo limeneli ndi limene limaletsa kuti za m'chiberekero zikamere m'mapapo. Gulu la Jayanta Debnath ku San Francisco linasonyeza mu 2008 kuti selo lothothoka limakoleza autophagy, ndipo zimenezi zimalipatsa nthawi yoti lisafe msanga. Gulu lomwelo linapezanso kuti njirayi imathandiza maselo a khansa kutulutsa timadzi tofewetsa minofu yowazungulira kuti aboole njira. Akalowa m'mitsempha n'kukatsikira kwina, ena sakula nthawi yomweyo. Amagona, mwina zaka, osagawikana, mankhwala osawapeza poti mankhwala ambiri amasaka maselo amene akuchulukana. Mu 2018 ofufuza ku America anaona pa mbewa kuti maselo ogona a khansa ya m'mawere amadalira autophagy kuti asafe m'tulo tawoto. N'chimodzi mwa zimene zingatithandize kumvetsa chifukwa chake mayi amachotsedwa bere, n'kukhala bwinobwino zaka zambiri, kenako matenda n'kudzatulukira m'mafupa.

Adokotala anali atavula magalasi. "Nanga asilikali a m'thupi amakhala ali kuti nthawi yonseyi?"

"Amabisidwa, agogo. Pafupifupi selo lililonse limaika chizindikiro kunja kwake chosonyeza zimene zili m'kati, kuti asilikali akadutsa aone ngati muli choipa. Mu 2020 anapeza kuti khansa ya kapamba imakoka chizindikirocho n'kukachiphwasula mu lysosome momwemo. Asilikali amangodutsa."

Ndinayembekezera kuti aimira pomwepa, poti nkhani yake inali itagwira tonse. Koma anawonjezera chinthu chimene chinkasokoneza zimene wangonenazo, ndipo n'chimene chinandichititsa kumukhulupirira. Mu 2020 momwemo, gulu la Debnath lija linapeza kuti pa mbewa za khansa ya m'mawere, akatseka autophagy maselo atafika kale kumapapo, zotupa za kumapapoko zinkakula kwambiri m'malo mochepa. Ndiye kuti zimatengera mtundu wa khansa, pamene yafika, ndi chiwalo chimene yakhalamo. Anthu amene athera moyo wawo wonse pa nkhaniyi akukanganabe kuti ndi liti pamene njirayi iyenera kutsekedwa ndi pamene iyenera kusiyidwa. Uthenga wa mizere isanu wa pa WhatsApp ndiye wagamula kale, ndipo wagamulira munthu amene ali pa bedi.

"Chabwino," anatero wa kabaza, amene sankafuna kugonja msanga. "Ngati khansa imadalira zimenezi, bwanji osangopanga mankhwala otseka?"

"Alipo kale, ndipo agogowa akuwadziwa kuposa ine. Ndi chloroquine."

Mkuluyo anadzuka pa benchi. "Chloroquine yemweyu? Wowawa uja? Mwana wanga, ndagawa ameneyo ndi manja awa mpaka zala kuyera. Anthu ankakanda thupi usiku wonse, ena ankakana kumwa pokhapokha uwapatsirenso Piriton. Kenako malungo anamuzolowera, ana ankamwa koma kutentha thupi osatsika. Mu 1993 boma linamuchotsa n'kubweretsa Fansidar, ndipo Malawi ndiye anali woyamba mu Africa muno kuchita zimenezo. Fansidar naye atatopa, mu 2007 kunabwera LA." Analoza chakumtunda ndi ndodo yake. "Ndipo pa chipatala chathu chomwechi cha Ndirande, mu 2005, anamuyesanso pa ana odwala malungo. Anachiza 99 pa 100 alionse, Fansidar 21 yokha. Tizilombo tinali titaiwala kumukana. Lero ukundiuza kuti wapita ku khansa?"

Mtsikanayo anafotokoza kuti chloroquine, ndi mbale wake hydroxychloroquine, amakonda kuunjikana m'malo a asidi. M'kachilombo ka malungo amadzaza m'kathumba kamene kamagayira magazi athu. M'selo la munthu amadzaza mu lysosome, asidi n'kuzirala, zophwasula n'kuima, timatumba ta zinyalala n'kungounjikana. Poti ndi mankhwala akale, otchipa, odziwika bwino (chloroquine anapangidwa ku Germany mu 1934), madokotala anayamba ndi iwowa poyesa pa anthu.

Zotsatira zake n'zosakaniza. Ku Mexico, pa kafukufuku amene zotsatira zake zinalengezedwa mu 2006, anayesa chloroquine pa odwala 30 a khansa yoopsa ya mu ubongo. Amene anawonjezeredwa chloroquine pa chithandizo chawo anakhala ndi moyo pafupifupi miyezi 24, enawo 11, koma anthuwo anali ochepa kwambiri moti ofufuzawo sanathe kutsimikiza kuti si mwayi chabe. Ku America, pa kafukufuku amene zotsatira zake zinalengezedwa mu 2019, anayesa hydroxychloroquine pa odwala 112 a khansa ya kapamba. Zotupa zinafota mwa odwala 38 pa 100 alionse amene analandira, poyerekeza ndi 21 mwa amene sanalandire. Koma chaka chitatha, amoyo sanachuluke mbali ya olandirawo. Ayesanso kuwaphatikiza ndi mankhwala ena, monga trametinib, amene amapanikiza selo la khansa kuti lithawire ku autophagy, kenako n'kulitsekera komweko. Mpaka pano chloroquine si mankhwala ovomerezeka ochizira khansa.

Ndinaona maso a mayi uja akuwala pamene mtengo wotchipa unatchulidwa. Adokotala nawo anaona.

"Mayi, ndikuoneni bwino. Musayerekeze kukagula ameneyu kuti mukawapatse achemwali anu mobisa. Ine ndalandirapo anthu amene anamwa mapilitsi ochuluka pa kamodzi, ndipo sapereka nthawi. Amaimitsa mtima munthu asanafike n'komwe pa bedi. Womwa nthawi yaitali amawonongeka maso. Amene akuyesawo amayeza mtima, amayeza maso, amayeza magazi. Inuyo muyeza ndi chiyani?"

Mayiyo anagwedeza mutu. Kenako anati, motsitsa moti tinachita kusendera: "Koma kusala kudya n'kwa Mulungu. Ife kumpingo timasala, ndipo timaona mayankho. Ndikawauza kuti adye, aziti ndilibe chikhulupiriro."

"Salani inuyo," anatero adokotala. "Asale amayi a kumpingo, asale alongo anu ku Joniko, muwapempherere. Wodwala adye."

Ine ndikuona kuti yankho limeneli linali lanzeru kuposa zonse zimene zinanenedwa m'mawa umenewo, chifukwa silinalande mayiyo pemphero lake. Ndipo limagwirizana ndi zimene zimachitika m'thupi. Munthu wa khansa akasiya kudya, chotupa sichikhala choyamba kuvutika, poti chinazolowera kale kukhala mosowa. Imayamba kutha ndi minofu ya mwini wake. Thupi limaphwasula mnofu wa m'ntchafu ndi m'mikono, pogwiritsa ntchito autophagy yomweyo pamodzi ndi njira zina, ndipo zidutswazo zimalowa m'magazi momwe chotupa chimatapamo. Kuwonda koopsa kumene timakuona pa odwala khansa kumapha pakokha. Wowonda sapirira dilipi, magazi ake amachedwa kubwerera, ndipo akayezedwa n'kupezeka ochepa, tsiku lolandira mankhwala limasunthidwa. Tsiku lililonse losunthidwa ndi la chotupa.

Mtsikanayo anavomera kuti kusala nako akukufufuza. Ku Netherlands anayesa amayi oposa 100 a khansa ya m'mawere, kuwapatsa chakudya chochepa kwambiri masiku ochepa asanalandire dilipi. Koma anasankha anthu amene thupi linalipo, madokotala akuwayang'anira, ndipo ngakhale choncho ambiri sanathe kupitiriza mpaka kumapeto. Mayi amene chitenje chikumuzungulira kawiri sakanamulola n'komwe kulowa nawo.

Mlongo wa ku Joni uja sindimuda. Munthu ali kutali, mlongo wake akufota, iye alibe chimene angachite kupatula kutumiza kangachepe ndi mauthenga. Akaona dzina la Nobel, amagwira. Amene ndimakwiya nawo ndi amene amalemba mauthengawa, amene amatenga ntchito ya zaka zambiri ya pa yisiti n'kuisandutsa lamulo la kuwodi, kenako n'kuwonjezera kuti madokotala akubisa, kuti wodwala asayerekeze n'kufunsa komwe. M'dziko ngati lathu, limene lili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi ambiri padziko lonse, ndipo ambiri amafika kuchipatala matenda atakula kale, mawu otero amagwera pa anthu amene alibe mnofu wotaya. Zimene zimagwiradi ntchito pa khansa imeneyi sizifalikira choncho pa foni. Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu 2019, ndipo kuyezetsa khomo la chiberekero n'kwa mphindi zochepa pa chipatala chaching'ono. Adokotala anafunsa mayiyo ngati iye mwini anayezetsapo. Anati ayi. Anafunsa ngati ali ndi mwana wamkazi. Anati awiri.

Poto anali atatha. Mmisiri anamugogoda pansi kuti chogwirira chimveke kulimba, n'kukana ndalama ya mayiyo.

"Nanga ndiwapatse chiyani?" anafunsa mayiyo akumanga jumbo. "Nsima akangoinunkhiza, mseru."

"Nsima isiyeni kaye," anatero adokotala. "Phala la nsinjiro, lamadzimadzi, muswereni dzira likadali pamoto. Mkaka ngati ulipo, nthochi, mapeyala. Osadzaza mbale, munthu wa mseru mbale yodzaza imamuopsa. Masipuni ochepa, kenako mupume, kenako ena, tsiku lonse. Mukapemphe mankhwala a mseru, alipo. Mukafunsenso ngati angawalembere chiponde."

"Ndipo anamwino adziwe lero lomwe kuti apita masiku awiri osadya," anawonjezera mtsikanayo. "Musadikire Lachinayi. Ayenera kuwayeza magazi dilipi isanafike. Muwaonetse ndi uthengawo, sakakukalipirani. Mwina pa wodipo si achemwali anu okha amene awerengeredwa."

"Nanga akakananso, poti alongo awo ndi amene anena?"

"Alongo anuwo muwaimbire madzulo ano," anatero adokotala akukhalanso pa benchi. "Muwauze kuti mwamva, mwathokoza, ndipo ngati akufuna kuthandiza atumize ya mazira ndi mkaka. Ndiye alankhule okha ndi wodwalayo, amuuze kuti adye."

Mayiyo anafunsa wa kabaza kuti nsinjiro zabwino akugulitsa mbali iti. Mnyamatayo anati amuperekeza, ndipo akamaliza kuphika amupeze pa siteji pomwepo kuti akafike kuchipatala nthawi yoonera odwala ya masana isanathe.